DISO LA MUMLENGALENGA LOYEZA UTSI WA MALO OPANGIRA MAGETSI

Ntchito yonse yoteteza umoyo wa anthu imayamba ndi kuyeza. Mwana amapita naye ku sikelo mwezi ndi mwezi kuti tidziŵe ngati akukula bwino. Chitsime chikakumbidwa, madzi ake amatungidwa m'botolo ndi kutumizidwa kukapimidwa. Ng'ombe ikaphedwa, woyang'anira zaukhondo amayamba waona mapapo ndi chiŵindi chake nyama isanagulitsidwe. Timachita zonsezi chifukwa choopsa chimene sichinayezedwe n'chovuta kuchiletsa, ndipo amene wachibweretsa amatha kuchikana.

Pali chinthu chimodzi chimene munthu amaloŵetsa m'thupi mwake koposa madzi ndi chakudya, ndicho mpweya. Munthu wamkulu amapuma malita oposa 10,000 a mpweya pa tsiku. Madzi oipa angathe kuwakana, chakudya choola angathe kuchitaya, koma mpweya wa pamalo pamene akukhala sangausankhe. Mwezi uno tikambirana za njira yatsopano imene akatswiri akuyezera mpweya woipa wochokera m'malo opangira magetsi. Njirayi ndi ya masetilaiti, makina amene amaponyedwa mumlengalenga namazungulira dziko lapansi usana ndi usiku.

ZIMENE ZIMATULUKA M'CHUMUNI

M'maiko ambiri magetsi amapangidwa potentha malasha, mafuta kapena gasi. Pa zitatuzi, malasha ndiwo amaipitsa mpweya koposa. Malashawo amaperedwa mpaka kukhala ngati ufa, kenaka amatenthedwa m'ng'anjo zikuluzikulu. Motowo umaŵiritsa madzi, ndipo nthunzi yake imazungulitsa makina otulutsa magetsi. Siteshoni imodzi yaikulu imatha kutentha malasha oposa matani 30,000 pa tsiku.

Amene adaonapo malo otere amakumbukira nsanja zonenepa zooneka ngati mitondo, zimene zimafuka mtambo woyera. Mtambo umenewo ndi nthunzi ya madzi chabe. Zoopsa zenizeni zimatulukira m'machumuni aatali ndi oonda, ndipo zambiri mwa izo diso silingazione. Zazikulu ndi zinayi.

Choyamba ndi mpweya wa sulphur dioxide, umene umapangika sulufule wa m'malasha akapsa. Mpweyawu umayabwa kukhosi ndi m'maso, umatsokomoletsa, ndipo umabanikitsa odwala mphumu. Ukasakanikirana ndi madzi a m'mitambo umabweretsa mvula ya asidi yoononga mbeu, nkhalango ndi malata.

Chachiŵiri ndi mpweya wa nitrogen dioxide, umene umapangika kaamba ka kutentha kwakukulu kwa m'ng'anjo. Umatupitsa njira za mpweya m'mapapo, makamaka mwa ana.

Chachitatu ndi fumbi losalala kwambiri limene akatswiri amalitcha PM2.5. Kanthu kamodzi ka fumbili n'kochepa nthaŵi pafupifupi 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Chifukwa cha kuchepako, mphuno silitha kulitchinga. Limaloŵa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo, ndipo limathandiza kuyambitsa chibayo, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Fumbi lina limatuluka m'chumuni ngati phulusa, koma lina limapangika mumlengalenga momwemo pamene mipweya iŵiri tatchula ija isanduka tinthu touma, nthaŵi zina pa mtunda wa makilomita mazana kuchokera pamene idatulukira. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidaŵerengera kuti m'chaka cha 2019 mpweya woipa wa panja udafupikitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 4.2 miliyoni.

Chachinayi ndi mpweya wa carbon dioxide. Umenewu sudwalitsa munthu pa mlingo umene uli panja, koma umakhala ngati bulangete lofunditsa dziko, losalola kutentha kuthaŵira kumwamba. Maiko asanayambe kutentha malasha kwambiri, m'magawo 1 miliyoni a mpweya munali magawo pafupifupi 280 a carbon dioxide. Pamene Charles David Keeling adayamba kuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, adapeza magawo pafupifupi 315. Pofika 2024 anali atapitirira 420. Malo opangira magetsi ndi malasha amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi ya mpweyawu pa yuniti iliyonse ya magetsi.

M'MENE ANKAYEZERA KALE

Anthu adaphunzira kuopsa kwa utsi wa malasha kudzera m'maliro. Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Disembala 1952, mzinda wa London udakutidwa ndi nkhungu yosakanikirana ndi utsi wa m'nyumba za anthu, wa m'mafakitale ndi wa m'malo opangira magetsi monga Battersea. Kunkazizira ndipo kunalibe mphepo youluza utsiwo. Poyamba Boma la dzikolo lidaŵerenga anthu pafupifupi 4,000 amene adafa, koma kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti chiŵerengerocho chidafika pafupi ndi 12,000. Kaamba ka tsokali, mu 1956 dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo loletsa utsi wakuda.

Tsono utsi wakuda ankauzindikira bwanji? Oyang'anira zaukhondo ankayenda ndi tchati cha Ringelmann, chotchedwa ndi dzina la Mfalansa amene adachikonza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Tchatichi chili ndi milingo yoyambira pa 0, kutanthauza kuyera, kufika pa 5, kutanthauza kuda bii. Woyang'anira ankaima potero ndi kuyerekeza utsi wa m'chumuni ndi tchaticho, ndipo utsi ukafika pa mlingo wa 2, mwini chumuni anali ndi mlandu. Njirayi idathandiza, koma inkangoyeza kuda kwa utsi. Chumuni chingathe kuoneka choyera pamene chikulavula matani ambiri a sulphur dioxide.

Pambuyo pake kudabwera zipangizo zomangirira m'chumuni momwemo, zimene zimalemba kuchuluka kwa mpweya ola lililonse. Zimenezi ndi zolondola kwambiri zikamasamalidwa, koma n'zodula, ndipo maiko ambiri alibe lamulo lokakamiza eni masiteshoni kuziika. Kumene kulibe, amangoŵerengera kuchokera pa matani a malasha amene atenthedwa. Vuto la njira ziŵirizi n'lakuti kaŵirikaŵiri woyeza ndi mwini wake yemweyo wa chumuni. Zili ngati kulola wogulitsa nyama kuti adzipimire yekha ng'ombe yake ndi kudzidindira yekha chidindo. Mwina ndi wokhulupirika, koma wogula alibe podziŵira. Njira yachitatu ndiyo kuika makina oyeza mpweya m'midzi ndi m'matauni, koma mu Africa makina otere ndi oŵerengeka kwambiri.

M'MENE SETILAITI IMAYEZERA

Setilaiti siinunkhiza mpweya ndipo siitapa kanthu m'botolo. Imayeza kuŵala. Kuŵala kwa dzuŵa kumaoneka koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yambiri, monga timaonera pa utawaleza. Palinso mitundu ina imene diso la munthu siliona, ina kuseri kwa mbali yofiira ya utawaleza, ina kuseri kwa mbali inayo. Mpweya uliwonse uli ndi mitundu yakeyake ya kuŵala imene umameza. Nitrogen dioxide amameza mbali ya buluu, sulphur dioxide amameza kuŵala kosaoneka kwa kuseri kwa buluu, ndipo carbon dioxide amameza kuŵala kosaoneka kwa kuseri kwa kufiira. Kamezedweka n'kosiyana pa mpweya uliwonse monga momwe chidindo cha chala chimasiyanirana pakati pa munthu ndi mnzake.

Kuŵala kwa dzuŵa kumatsika kudutsa mumpweya, kumagunda nthaka, kenaka kumabwerera kumwamba. Chipangizo cha m'setilaiti chimalandira kuŵala kobwererako, chimakugaŵa m'mitundu mazanamazana, ndi kuona mitundu imene yachepa. Mtundu ukachepa kwambiri, ndiye kuti mpweya woumeza unali wambiri pa njirayo.

Titenge chitsanzo cha setilaiti ya maiko a ku Ulaya yotchedwa Sentinel-5P, imene idaponyedwa pa 13 Okutobala 2017 itanyamula chipangizo cha TROPOMI. Imayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 824 kuchokera pansi, kudzera kumpoto ndi kumwera kwenikweni kwa dziko, ndipo ulendo uliwonse imaona chigawo chotambalala makilomita 2,600. Popeza dziko limatembenuka pansi pake, pa tsiku limodzi imakhala itaona pafupifupi dziko lonse, ndipo malo alionse imawadutsa cha m'ma 1.30 masana. Chigawocho imachidula m'timabwalo ta makilomita 5.5 m'litali ndi 3.5 m'lifupi, ndipo kabwalo kalikonse kamapatsidwa nambala yake. Nambalazi zikajambulidwa pa mapu, siteshoni ya malasha imaoneka ngati banga lokhala ndi mchira woloza kumene mphepo ikupita.

Kudziŵa kuchuluka kwa mpweya pa bangalo sikokwanira. Taganizani za munthu amene waima pa mlatho nafuna kudziŵa dothi limene mtsinje ukukokolola pa tsiku. Ayenera kudziŵa zinthu ziŵiri: kuchuluka kwa dothi m'madzimo ndi liŵiro la madziwo. Momwemonso akatswiri amatenga kuchuluka kwa mpweya mumchira uja ndi kuchulukitsa ndi liŵiro la mphepo ya tsiku limenelo, limene amalipeza kwa azanyengo. Yankho lake ndilo matani amene chumuni chikutulutsa pa ola. Akabwereza masamuŵa masiku ambiri, zolakwika za tsiku limodzi zimachepa.

ZIMENE DISOLI LAONA

Sentinel-5P isanabwere, panali chipangizo cha OMI, chopangidwa ndi maiko a Netherlands ndi Finland, chimene chidakwera pa setilaiti ya Aura ya bungwe la NASA mu 2004. Pogwiritsa ntchito zimene OMI idayeza, mu 2016 akatswiri a ku Canada ndi a ku America adalemba mndandanda wa malo pafupifupi 500 otulutsa sulphur dioxide wambiri pa dziko lonse. Adapezanso malo pafupifupi 40 amene sanali m'mabuku a chiŵerengero cha utsi, ena a iwo ku Middle East. Utsi umene sudalembedwe m'kaundula aliyense udaonekera kumwamba.

Disoli limaonanso zabwino. Pakati pa 2005 ndi 2015, sulphur dioxide wa kum'maŵa kwa United States adatsika ndi magawo pafupifupi 80 pa 100, chifukwa masiteshoni adaika makina otsuka utsi ndi laimu ndipo ena adasiya malasha. Kafukufuku wa mu 2017 adaonetsa kuti kuchokera mu 2007 dziko la China lidachepetsa mpweyawu ndi magawo pafupifupi 75 pa 100, pamene ku India udakwera ndi theka. Motero setilaiti imachitira umboni wolakwa, imachitiranso umboni amene wakonza zinthu.

Chitsanzo chapafupi ndi kwathu chili ku South Africa, m'chigawo cha Mpumalanga, kum'maŵa kwa Johannesburg. Kumeneko kuli masiteshoni ambiri a malasha a kampani ya Eskom, monga Kendal, Matla, Kriel, Duvha ndi Tutuka, komanso fakitale ya Sasol ku Secunda imene imapanga mafuta kuchokera ku malasha. Mu 2007 Boma la dzikolo lidalengeza kuti dera la Highveld likufunika chisamaliro chapadera pa nkhani ya mpweya. Mu 2018 bungwe la Greenpeace lidaunika zimene TROPOMI idayeza kuyambira Juni mpaka Ogasiti chaka chimenecho, nkunena kuti banga la nitrogen dioxide la ku Mpumalanga linali lalikulu kuposa lina lililonse pa dziko. Akatswiri ena adachenjeza kuti miyezi itatu ya nyengo yozizira siingaimire chaka chonse. Chenjezolo linali loyenera, komabe bangalo limaonekera pa mapu chaka ndi chaka. Mu 2019 bungwe lomwelo lidaika dera la Kriel pa nambala yachiŵiri pa kutulutsa sulphur dioxide, kutsatira mzinda wa Norilsk ku Russia. Mu Malichi 2022, khoti lalikulu la ku Pretoria, litamva umboni wa anthu okhala m'derali ndi wa akatswiri, lidagamula kuti mpweya wa ku Highveld ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala pamalo osaononga umoyo wawo.

KUYEZA CARBON DIOXIDE N'KOVUTA KOPOSA

Nitrogen dioxide amatha pakangopita maola oŵerengeka, choncho amaonekera bwino pafupi ndi chumuni, monga makala pa nsalu yoyera. Carbon dioxide amakhala mumlengalenga zaka mazana ndipo adafalikira kale dziko lonse. Siteshoni yaikulu imangoonjezera magawo oŵerengeka pamwamba pa magawo 420 aja. Kuona kusiyanaku kuli ngati kuzindikira chikho chimodzi cha madzi chimene chathiridwa mumgolo wodzaza kale.

Dziko la Japan lidaponya setilaiti ya GOSAT mu 2009 kuti iziyeza mipweya yotenthetsa dziko, ndipo NASA idaponya OCO-2 mu 2014. OCO-2 imayeza mosamala kwambiri, koma imangoona kamzere kotambalala makilomita pafupifupi 10, ndipo imabwerera pa njira yomweyo pakapita masiku 16. Motero imakumana ndi utsi wa siteshoni mwa apo ndi apo. Ngakhale zili choncho, mu 2017 Ray Nassar wa ku Canada ndi anzake adaonetsa koyamba kuti n'kotheka kuyeza carbon dioxide wa siteshoni imodzi kuchokera mumlengalenga. Mu 2022 adachitanso chimodzimodzi pa siteshoni ya Bełchatów ku Poland, yaikulu koposa mwa masiteshoni a malasha ku Ulaya, ndipo adaona utsi ukukwera ndi kutsika mogwirizana ndi magetsi amene siteshoniyo inkapanga.

Palinso njira ina yodzera kumbali. Gulu la mabungwe lotchedwa Climate TRACE, limene lidakhazikitsidwa mu 2020, limagwiritsa ntchito zithunzi za masetilaiti monga Landsat ndi Sentinel-2. Makompyuta amaphunzitsidwa kuyang'ana mtambo woyera uja wa pa nsanja zonga mitondo. Nthunzi ikachuluka, ndiye kuti ng'anjo zikuyaka mwamphamvu, ndipo kuchokera pamenepo amaŵerengera malasha amene apsa. Mu Novembala 2022 gululi lidafalitsa chiŵerengero cha malo oposa 70,000 otulutsa mipweya yotenthetsa dziko, kuphatikizapo masiteshoni a magetsi. Zimenezi n'zofunika chifukwa pa pangano la ku Paris la mu 2015 dziko lililonse limanena lokha utsi umene latulutsa, ndipo pangano lotere limalimba pakakhala mboni yapadera.

ZIMENE SETILAITI SINGATHE

Aŵerengi asaganize kuti disoli limaona zonse. Popeza limadalira dzuŵa, usiku siliyeza mipweya imeneyi. Mitambo ikaphimba, monga zimakhalira m'dzinja, limaona pamwamba pa mitamboyo basi. Sentinel-5P imadutsa kamodzi pa tsiku, pamene utsi umaunjikana pansi kwambiri usiku ndi m'mamaŵa. Pofuna kuthetsa vutoli, maiko ena aika zipangizo pa masetilaiti okhala pamalo amodzi, makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, zimene zimayeza ola lililonse la usana: GEMS ya ku South Korea mu 2020, TEMPO ya ku America mu 2023, ndi Sentinel-4 ya ku Ulaya mu 2025. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene chimayang'ana kumwera kwa Africa.

Chinanso, setilaiti imaphatikiza mpweya wonse kuyambira pa nthaka kufika kumwamba, pamene munthu amapuma wa pa mphuno pake. Utsi wa m'chumuni chachitali ungadutse pamwamba pa mudzi woyandikana nacho ndi kukatsikira mudzi wakutali. Komanso m'kabwalo kamodzi mungakhale siteshoni, fakitale ndi mseu wa magalimoto ambiri, ndipo kulekanitsa utsi wa chilichonse kumafuna luntha. Fumbi losalala lija setilaiti imangoliyerekeza poona m'mene mlengalenga mwachitira chimbuuzi, ndipo m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wolusa m'tchire umasokoneza zinthu m'chigawo chathu chonse. N'chifukwa chake makina a pansi ndi kaundula wa odwala ku chipatala ndi zofunikabe. Setilaiti imaloza pamene pali vuto. Kuyeza zimene anthu akupuma ndi kuona m'mene akudwalira ndi ntchito ya ife a pansi.

KODI IFE ZIKUTIKHUDZA BWANJI?

Magetsi ambiri a m'Malaŵi amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kumeneko kulibe machumuni. Komabe nkhaniyi siili kutali nafe. Abale athu ambiri amagwira ntchito ku South Africa, ndipo ena a iwo amakhala m'matauni a ku Highveld monga eMalahleni, umene akuluakulu amaudziŵa ndi dzina la Witbank. Ku Zimbabwe kuli siteshoni ya Hwange, imene idakulitsidwa mu 2023, m'dera limene makolo ambiri ochokera ku Malaŵi ndi ku Zambia adakakumba malasha. Ku Zambia kuli siteshoni ya Maamba imene idayamba ntchito mu 2016. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Carbon dioxide ndiye sadziŵa malire a maiko. Dziko likamatentha, mpweya umanyamula chinyezi chambiri, ndipo namondwe amagwetsa mvula yamphamvu koposa kale. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira nachititsa mdima m'dziko muno kwa miyezi yambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu ambiri m'chigawo cha kumwera. Madzi akasefukira, zimbudzi zimagwa, zitsime zimaipa, ndipo matenda otsekula m'mimba amatsatira. Dziko lathu limatulutsa mpweya wochepa kwambiri wotenthetsa dziko, koma limalandira zoŵaŵa zake. Kwa dziko lotere n'kofunika kuti malonjezo a maiko otulutsa utsi wambiri aziyezedwa ndi mboni imene siili m'manja mwawo.

Pomaliza, nazi mfundo zitatu zoti tizikumbukire.

Yoyamba: zimene Sentinel-5P ndi masetilaiti a NASA amayeza zimaperekedwa kwaulere pa intaneti. Ophunzira a zaumoyo ndi ogwira ntchito m'maofesi a zachilengedwe angathe kuphunzira kuziŵerenga popanda kugula makina odula.

Yachiŵiri: pakamveka za fakitale kapena siteshoni yotentha malasha imene ikufuna kumangidwa m'dera lanu, mafumu ndi makomiti a zaumoyo afunse mafunso ntchito isanayambe. Kodi padzakhala makina otsuka utsi? Kodi adzayeza utsiwo ndani, ndipo zotsatira zake zidzaŵerengedwa ndi yani? Kodi mpweya wa m'midzi yozungulira wayezedwa tsopano, kuti maŵa padzakhale poyerekezera? Safunsa adadya phula.

Yachitatu: utsi umene ukudwalitsa ana athu ambiri lero uli pansi pa denga, pamene setilaiti singaone. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malaŵi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo WHO idaŵerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba udapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse. Phikirani pamalo opita mphepo, gwiritsani ntchito nkhuni zouma ndi mbaula zosafuka kwambiri monga chitetezo mbaula, musabereke mwana kumbuyo pophika m'khitchini yotseka, ndipo musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba. Mwana akamapuma mofulumira kapena nthiti zikamaloŵa m'kati, thamangirani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Kumbukirani kuti kupeŵa kuposa kuchiza.